Nyali Zovina ndi Matenda a "Bola Zikuyaka"

Abale anzanga a pagulu lino, nyengo ija yafikanso. Posachedwapa mafoni athu adzaza ndi timakanema ta nyumba za ku America zikuvina usiku. Denga likuthwanima motsatira ng'oma, mitengo ya pabwalo ikusinthasintha mitundu, nkhope zojambulidwa pakhoma zikutsegula pakamwa ngati zikuyimba. Zomwe timanena tikaona kanema wotere mukuzidziwa kale. Wina amati, "Azungu ndi mfiti basi." Wina amati, "Ndalama zikachuluka zimapengetsa." Wachitatu sanena kanthu. Iye amalawira m'tauni kukagula nyali za Khrisimasi, kudzazikoloweka pampanda wa bala yake kapena pakhonde la tchalitchi, kusenda mawaya awiri ndi mano, kuwapotokola, kukulunga jumbo, kenaka n'kutulutsa mawu amene ndabwera kudzalimbana nawo sabata ino: "Bola zikuyaka."

Anthu atatuwa akudwala matenda amodzi. Onse aona kuwala, koma palibe amene wafunsa za waya. Woyamba wathawira ku ufiti kuti asavutike kuganiza. Wachiwiri wathawira ku chipongwe. Wachitatu ndiye woopsa, chifukwa watengera chooneka ndi maso n'kusiya nzeru zomwe zikuchigwiriziza, ndipo wolipira mtengo wake akhoza kukhala mwana wa mnansi amene angotsamira mpanda mvula itakata. Chikomekome cha mkuyu, paja amatero akulu.

Tiyambire kumene zinayambira. Kale anthu a ku Ulaya ankakometsa mtengo wa Khrisimasi ndi makandulo enieni, ndipo nyumba zinkapsa. Mu Disembala 1882, Edward H. Johnson, mnzake wa Thomas Edison pa ntchito za magetsi, analumikiza ndi manja mababu 80 ofiira, oyera ndi abuluu pamtengo m'nyumba mwake ku New York. Mtengowo anauika pa kabokosi kozungulira, nyali zikuyaka ndi kuzima pamene ukuzungulira. Onani bwino, nyali ya magetsi inalowa pa Khrisimasi kudzachotsa moto m'nyumba. Ifeyo, patapita zaka zoposa 140, tikuigwiritsa ntchito kubwezeramo motowo.

Zovina ndi nyimbozi zinatchuka mu 2005. Carson Williams, katswiri wa zamagetsi wa ku Mason m'chigawo cha Ohio, anakonza nyali za panyumba pake kuti zizitsatira nyimbo ya gulu la Trans-Siberian Orchestra yotchedwa "Wizards in Winter". Kanema wake anafalikira pa intaneti dziko lonse. Anagwiritsa ntchito zida za Light-O-Rama zokhala ndi njira 88, kutanthauza maswichi 88 amene kompyuta imayatsa, kuzimitsa kapena kuchepetsa mphamvu pa nthawi yake. Nyimbo sanaiike pa masipika ayi. Anaiulutsa pa kawailesi ka FM kosafika patali, kuti wodzaonera azimvera m'galimoto mwake ndipo anansi azigona mwamtendere. Magalimoto atachuluka mumsewu mpaka kuchitika ngozi, mwini wake anazimitsa chionetserocho m'mwezi womwewo wa Disembala. Ndiye mukati ufiti, ufiti wake uli pati apa? Ine ndikuona munthu wodziwa masamu, woganizira anansi, komanso wodziwa nthawi yoti aleke.

Masiku ano ambiri anasiya maswichi aja, amagwiritsa ntchito timababu totchedwa ma pixel. Kababu kalikonse kali ndi nyali zitatu za LED m'kati, yofiira, yobiriwira ndi yabuluu, komanso kachipangizo kakang'ono, kawirikawiri ka mtundu wa WS2811 kapena WS2812B, komwe kamamva malamulo. Mawaya amakhala atatu: wobweretsa mphamvu, wobwerera, ndi wonyamula uthenga. Uthengawo ndi manambala. Mtundu uliwonse umapatsidwa nambala kuyambira 0 kufika 255, ndiye mukasakaniza itatuyo mumapeza mitundu yoposa 16 miliyoni. Kababu koyamba kamatapa manambala ake atatu n'kupatsira kachiwiri otsalawo, kachiwiri chimodzimodzi, ngati mbale ya mtedza ikuyenda pamzere wa anthu. Kachipangizo ka kababu kamodzi kakafa pakati, onse a kutsogolo amagona ndi njala. N'chifukwa chake eni zionetserozi amasunga timababu tapadera ndi chida chowotcherera waya.

Amene amatumiza manambalawo ndi kabokosi kowongolera. Ena amagula kopangidwiratu, ena amapanga okha ndi kachipangizo ka ESP32 koikamo pulogalamu ya WLED. Nyimbo ndi kavinidwe kake amazikonza pa kompyuta ndi pulogalamu ngati xLights kapena Vixen, zomwe ndi zaulere, kenaka n'kuziika pa kakompyuta ka Raspberry Pi kokhala ndi Falcon Player kuti kaziyambitsa chionetsero pa nthawi yake usiku uliwonse. Chilankhulo chomwe zidazi zimamvana nacho chinachokera ku nyumba za zisudzo. Ndi DMX512, ya mu 1986, yomwe imanyamula manambala 512 pa gulu limodzi. Poti kababu kamodzi kamadya atatu, gulu limodzi limakwanira timababu 170.

Tawerengani nane pang'ono, musathawe. Nyimbo ya mphindi zitatu ili ndi masekondi 180. Nyali zikamasintha ka 20 pa sekondi, ndiye kuti zithunzi 3,600. Nyumba yokhala ndi timababu 1,000 imafuna manambala 3,000 pa chithunzi chilichonse. Kuchulukitsa, manambala akukwana 10,800,000 pa nyimbo imodzi. Kompyuta imathandiza kudzaza, inde, koma woganiza kuti pamene ng'oma yagunda denga lifiire, pamene woyimba wapuma pabwalo pade bii, ndi munthu. Amakhala pansi miyezi, kumvera kachigawo kamodzi ka nyimbo kambirimbiri. Inu alakatuli mumadziwa kulimbana ndi mzere umodzi mpaka tambala kulira. Ameneyunso ndi m'bale wanu, kungoti inki yake ndi magetsi.

Masamu achiwiri ndi amene amapulumutsa nyumba. Kababu kamodzi kakawala moyera ndi mphamvu zonse kamakoka ma milliamp pafupifupi 60. Timababu 100 ndi ma amp 6. Timababu 500 ndi ma amp 30, ndipo pa ma volt 12 amenewo ndi ma watt 360. Ma volt 12 sagwira munthu nyesi, koma ma amp 30 akadutsa mu waya wowonda amausandutsa chitsulo chowotchera. Ndiye wodziwa amaika fyuzi pa nthambo iliyonse yotuluka, amasankha waya wonenepa molingana ndi katundu wake, ndipo pa mzere wautali amathiriranso mphamvu pakati. Akapanda kutero, magetsi amafika kumapeto atafooka ngati madzi a pampopi wa kumtunda, ndipo nyali zoyenera kukhala zoyera zimaoneka zachikasu. Chosinthira magetsi a pakhoma kukhala ma volt 12 amachitsekera m'bokosi losalowa madzi, lokwezedwa pamwamba, mawaya akulowera pansi pake kuti dontho litsike m'malo molowa. Ntchito yonseyi simuiona m'kanema. Kanema amakuonetsani mkwatibwi, osati amene anachezera kuphika.

Tsopano tibwere kwathu. Disembala wa ku Ohio ndi wa chisanu. Disembala wathu ndi wa mvula, matope, ziphaliwali ndi ana oyenda opanda nsapato. Magetsi a m'nyumba ku America ndi ma volt 120, athu ndi ma volt 230. Choncho pamene iwo akusamala kamodzi, ife timayenera kusamala kawiri. Nanga timachita chiyani?

Timagula nyali zolembedwa pa bokosi kuti ndi za m'nyumba zokha n'kuzipachika panja. Pulagi ikathyoka timalowetsa mawaya osenda mu soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi. Fyuzi ikapsa timakulungapo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Ekisitenshoni timaigoneka pansi pomwe madzi a padenga amagwera. Waya timaukhomera ndi msomali pa mtanda wogundana ndi malata, kapena kuuzengeza pa geti lachitsulo lomwe limatsegulidwa kakhumi pa tsiku, khungu la waya likunyotsoka pang'onopang'ono. Polumikiza timamanga jumbo, poganiza kuti tatchinga mvula, pamene tapanga kathumba kosungiramo madzi pa malo enieni oopsawo. Usiku zikayaka timaomba m'manja. Bola zikuyaka, eti?

Ndikuuzeni zomwe zimachitika m'thupi. Khungu louma limakaniza magetsi ndithu. Likanyowa, munthu ali chosavala nsapato pa dothi lonyowa, kukaniza kwa thupi kumatha kutsika kufika cha m'ma ohm 1,000. Gawani 230 ndi 1,000, mupeza ma milliamp 230. Akatswiri anaika malire a chitetezo pa ma milliamp 30, chifukwa kupitirira apo mtima ukhoza kusokonekera kagundidwe. Ndiye kuti mwana wogwira geti lija walandira pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa malirewo. Choipa china n'chakuti magetsi amakunga minofu ya dzanja, moti m'malo motaya waya, munthu amaufumbata.

Mwina mukuti, "Kwathu kuli ma breaker." Ali bwino, koma ntchito yawo ndi ina. Breaker wamba amateteza waya kuti usapse, ndipo amadikira ma amp 20 kapena 32 kuti agwe. Ma milliamp 230 odutsa m'chifuwa cha mwana iye sawamva n'komwe. Choteteza munthu ndi chida chomwe amisiri amachitcha earth leakage kapena RCD. Chimayerekeza magetsi otuluka ndi obwerera, ndipo akasiyana ndi ma milliamp 30 chimadula pasanathe sekondi. Chili ndi kabatani koyesera. Pitani mukayang'ane pa bokosi la magetsi kwanu, kutchalitchi kwanu, ku bala komwe mumakhala Loweruka. Chilipo? Ngati chilipo, kabatani kaja munakadinapo liti? Pali eni malo ena amene chidachi chikamagwa pafupipafupi m'dzinja amaitana mnyamata kuti achilambalale, ati chikusokoneza bizinesi. Uku ndi kupha galu chifukwa wakuwa mbala.

Ndikudziwa zomwe mundiyankhe, ndipo ndiziyankhiretu.

Choyamba muti, "Ndi umphawi, zabwinozo n'zodula." Zina n'zodula, sindikana. Koma kuwerenga bokosi n'kwaulere. Pa chida chilichonse chabwino cha panja pamalembedwa zilembo IP ndi manambala awiri. Yoyamba ikunena za fumbi ndi zolowa zolimba, yachiwiri za madzi. IP20 ndiye kuti pa madzi palibe chitetezo chilichonse. IP44 imapirira madzi owaza. IP65 imapirira madzi opopera. IP67 imapirira ngakhale kumizidwa kwa kanthawi. Kukweza soketi pansi n'kuibisa m'khonde sikufuna ngongole ya kubanki. Pulagi yatsopano ndi fyuzi ya ma amp 3 sizifika mtengo wa kreti ya zakumwa. Ndipo ngati ndalama yokwanira kuchita bwino palibe, gulani nyali za sola kapena za mabatire, zomwe sizingaphe munthu. Mwini bala amene wakwanitsa kugula masipika aakulu ngati chitseko asatiuze kuti walephera kulipira mmisiri wa chiphaso tsiku limodzi.

Chachiwiri muti, "Takhala tikuchita zimenezi zaka zonsezi, palibe anafa." Tsoka silinunkha, achimwene. Waya wonyotsoka ukhoza kukhala milungu itatu osavulaza munthu, kudikira tsiku limene mvula, geti ndi phazi losavala zidzakumane. Moto ukabuka m'misika yathu, mawu oyamba kumveka amakhala akuti mwina ndi shoti ya magetsi. Timagwedeza mitu, timalira katundu, kenaka n'kubwerera kukapotokola mawaya momwe muja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chachitatu, ndipo ichi ndimachilemekeza, muti, "Dziko lomwe anthu ambiri alibe magetsi, lomwe magetsi amazimazima, tizikamba za nyali zovina?" Funso lake ndi lolemera. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Tonse tikukumbuka mdima umene unatsatira namondwe Ana mu Januwale 2022, ataononga Kapichira n'kutichotsera pafupifupi ma megawatt 130. Koma tawerengani. Timababu 500 tija, titayaka moyera ndi mphamvu zonse kwa maola anayi, tingadye pafupifupi yunitsi imodzi ndi theka, ngati mbaula ya magetsi ya ma watt 1,000 yoyaka ola ndi theka. Pa chionetsero chenicheni sitifika pamenepo, chifukwa sitiyaka tonse nthawi imodzi ndipo eni ake amachepetsa kuwala. Kuchepa kumeneku ndi mphatso ya LED yabuluu, yomwe inapezetsa Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura mphotho ya Nobel mu 2014. Komanso ma volt 12 ndi omwewo a batire ya sola. Mnyamata wa ku Ntchisi amene waphunzira kuwerenga ma amp, kusankha waya, kuika fyuzi ndi kulamula kachipangizo ka ESP32 kuti ayatse nyenyezi pa tchalitchi chawo, mawa ndi yemweyo adzalamule pampu yothirira dimba kuti iziyaka yokha. Kusowa kwa magetsi ndi chifukwa chachikulu choti tiwadziwe bwino magetsiwo.

Chachinayi muti, "Khrisimasi si nyali." Zoona, ndipo amene sakufuna kupachika asapachike, palibe amene adzamufunse. Ine ndikulankhula ndi amene apachika kale, omwe ndi ambiri chaka ndi chaka: mashopu, maloji, malo a maukwati, matchalitchi. Mkangano woti zizikhalapo kapena ayi unatha, nyalizo zili pamipanda. Watsala ndi woti zizikhalapo motani.

Inunso a kunja musabisale. Inu a ku America, musatumize kumudzi nyali za ma volt 120 n'kuika ka adaputa m'katoni ngati mwathetsa vuto. Adaputa imasintha miyendo ya pulagi basi, mphamvu siisintha, ndipo nyali zotere zikalowa pa 230 zimapsa. Werengani cholembedwa pa chidacho, chikhale chonena kuti chimalola 230. Inu a ku UK ndi a ku Joni, mphamvu yanu ikufanana ndi yathu, koma onetsetsani kuti mwagula za panja. Pulagi ya ku UK ndi yofanana ndi ya ku Malawi. Ya ku South Africa ili ndi miyendo yobulungira, ndiye tumizani ndi pulagi yoyenera, chifukwa mukudziwa kuti ikafika osakwana pa soketi, wina aidula ndi mpeni. Mwayenda pansi pa nyali za Regent Street ku London kapena za Adderley Street ku Cape Town mvula ikugwa, osaopa kanthu. Kusaopa kumeneko anakugwirirani ntchito amisiri omwe simunawaone. Tumizaninso nzeru imeneyo, osati katoni yokha.

Tsopano mawu owawa ndasungira ife eni gulu, anthu a mabuku. Timanyadira kuti ndife ophunzira, koma mmisiri wa zamagetsi timamutenga ngati munthu amene sukulu inamukana. Akatchula mtengo timamunenerera ngati tikugula tomato, akatiuza kuti pakufunika waya wonenepa timati akufuna kutibera, ndiye timaitana mwana wa alamu athu amene "amadziwako". M'nthano zathu mmisiri amangolowa kudzanamiza bwana n'kutuluka. Timadziwa mayina a alakatuli a ku Nigeria koma sitidziwa kusiyana kwa volt ndi amp, ndipo timanena zimenezi moseka ngati ndi ulemu. Munthu sachita manyazi kunena kuti za mawaya sazidziwa, pamene akanachita manyazi kunena kuti satha kuwerenga kalata.

Dzina la William Kamkwamba timalitchula ndi chifuwa chotukumuka. Mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu, ali ndi zaka 14, anapanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zinyalala atawerenga buku la mu laibulale. Koma gawo lomwe timalidumpha ndi ili: anapanganso chodulira magetsi chake, cha misomali, waya ndi maginito, kuti nyumba ya makolo ake isapse. Mnyamata wopanda fizi, wotola zitsulo kudzala, anaona kuti kuyaka kokha sikukwanira. Nanga inu a madigiri awiri, chowiringula chanu n'chiyani?

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo si lalitali. Musanapachike kanthu panja chaka chino, werengani bokosi. Chilichonse cha ma volt 230 chikhale pouma, pamwamba, kutali ndi malata, geti ndi waya wa mpanda, ndipo chidutse pa earth leakage yoyesedwa. Chotsikira pomwe mwana angafike chikhale cha ma volt 12 kapena 5, chokhala ndi fyuzi yake. Polumikiza pakhale cholumikizira chenicheni chotseka madzi, jumbo abwerere ku ntchito yake yonyamula matemba. Pokagona muzimitse, ndipo kukayamba ziphaliwali muzule pulagi. Ngati muli mu komiti ya tchalitchi, funsani amene walumikiza kuti akuonetseni fyuzi ili pati. Ngati ndinu kasitomala pa bala, yang'anani pamwamba pa mpando wanu musanaitanitse chakumwa, ndipo mukaona waya wosenda muuzeni mwini wake pamaso. Akakwiya akwiye, wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli mwana amene amamasula mawailesi, musamukalipire. Muonetseni kanema uja, kenaka mufunseni kuti, "Ukuganiza kuti kababu aka kakudziwa bwanji nthawi yofiira?" Mukhale naye pansi, mufufuze limodzi, mumugulire timababu 50 ta ma volt 5 ndi kachipangizo kamodzi m'malo mwa mfuti ya pulasitiki. Safunsa anadya phula, ndipo ife tadya phula la magetsi mokwanira.

Amene akutsutsa, bwalo ndi lanu. Koma mubwere ndi masamu.